BOMA LIKAKHALA NDI NGONGOLE KWA MUNTHU WAMBA

Mau olankhulidwa kwa amalonda ang'onoang'ono a ku Guilleme, m'boma la Mchinji



Nkhani ya lero ndi ya ngongole. Si ngongole ija imene munthu wamba amatenga ku Boma ayi. Imeneyo idalalikidwa kale mokwanira pa misonkhano, ndipo palibe mlimi amene sadamve kuti ngongole ya feteleza iyenera kubwezedwa pa nthaŵi yake. Ya lero ndi ngongole yotembenuka, imene Boma limakhala nayo kwa munthu wamba: mayi amene adapereka matumba a nyemba ku sukulu yogonera konko, mmisiri wa matabwa amene adakhoma madesiki, bambo amene adatuta nkhuni kapena njerwa pa ngolo yake, telala amene adasoka yunifolomu. Onseŵa adagwira ntchito yao, katundu adalandiridwa, nyemba zidaphikidwa ndi kudyedwa, koma malipiro akali m'njira. Mwezi watha, wachiŵiri watha, chaka chatembenuka, ndipo yankho la ku ofesi ndi limodzimodzi: ndalama sizinabwere, mubwerenso maŵa.

Nkhani imeneyi siyenera kunong'onedwa. Boma limene limaphunzitsa anthu ake kubweza ngongole liyenera kukhala loyamba kubweza yake, pakuti mwana amaphunzira poona zimene kholo likuchita.

Malo ano adazoloŵera malonda a mtundu umenewu kuyambira kale. Mishoni itakhazikitsidwa m'chaka cha 1935, ndi kupatsidwa dzina la Ambuye Episkopi Mathurin Guillemé, padamera tchalitchi, sukulu ndi chipatala, ndipo paliponse pamene pasonkhana ophunzira ndi odwala pamafunika ufa, ndiwo ndi nkhuni. Nthaka ya Mchinji ndi yopatsa. Mtedza, soya, chimanga ndi fodya za kuno zimadziŵika m'dziko lonse, ndipo mseu wochokera ku Lilongwe kukafika ku chipata cha Mwami udatsegula maso a anthu pa zamalonda. Nchifukwa chake mwana wa kuno akamva kuti khonsolo, chipatala cha Boma, sukulu ya sekondale kapena apolisi akufuna katundu, amaona kuti mwai wafika. Ndipo ndi mwaidi, chifukwa m'dziko muno mulibe wogula wamkulu kuposa Boma. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa Boma la m'chaka cha 2017 lidaika kuti pa mipikisano ya m'dziko muno magawo 60 pa 100 aliwonse aziyang'ana Amalaŵi eni nthaka, ndipo m'chaka cha 2020 padatuluka lamulo lina lapadera lotsegulira khomo mabizinesi ang'onoang'ono. Cholinga chidali chabwino. Koma khomo lotsegulidwa poloŵa, ndi kutsekedwa potuluka, limasanduka msampha.

Kuti kuŵaŵa kwa nkhaniyi kumveke bwino, payenera kuchitika masamu pang'ono. Mwachitsanzo, mayi wina wapata ntchito yopereka nyemba za K5,000,000. Ndalama zogulira alibe zokwanira, choncho wakongola K4,000,000 ku banki pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 pa chaka, ndipo akuyembekeza phindu la K1,000,000. Chiwongoladzanja chimenechi ndi K1,200,000 pa chaka, ndiye kuti K100,000 mwezi uliwonse. Akalipidwa pakutha pa mwezi umodzi, wapindula K900,000, ndipo ana apita ku sukulu. Akalipidwa patatha miyezi isanu, theka la phindu lapita. Ikakwana miyezi khumi phindu lonse latha, ndipo kuyambira mwezi wa khumi ndi umodzi mayiyo wayamba kudya mpamba wake. Apatu ndiye kuti adakongola ku banki. Amene adapita kwa akatapila, kapena adatenga za banki mkhonde kumene anzake amafuna zao pakutha pa mwezi, ndiye amagwa msanga, nagulitsa njinga, malata, ng'ombe, mwina ndi munda womwe.

Pamwamba pa chiwongoladzanja pali mdani wina, ndiye kugwa mphamvu kwa kwacha. M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Munthu amene adapereka katundu wa K5,000,000 mu Okutobala 2023 adali ndi chuma chofanana ndi madola oposa 4,200. Atalipidwa mu Januwale 2024 adalandira K5,000,000 yomweyo, osachepa ngakhale tambala imodzi, koma mphamvu yake idali madola osakwana 3,000. Pa pepala Boma lidamlipira zonse, koma atapita ku sitolo kukaoda katundu wina adabwerako ndi wochepa kwambiri kuposa amene adapereka. Anthu a m'malire muno, amene amaona tsiku ndi tsiku m'mene kwacha ya kuno imasinthanirana ndi kwacha ya ku Zambia pa Mwami ndi ku Chipata, safuna mphunzitsi pa zimenezi. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsono ngongole zimenezi zimabadwa bwanji? Ambiri amaganiza kuti ndalama zilipo m'kabati, kungoti kalaliki wina akuumira. Nthaŵi zina zimaterodi, koma kaŵirikaŵiri gwero lake lili patali. Nyumba ya Malamulo imavomereza ndondomeko ya chuma ya chaka chonse, koma ndalamazo siziperekedwa kamodzi. Nthambi ya Chuma ku Capital Hill imazitumiza pang'onopang'ono, molingana ndi m'mene misonkho yaloŵera. Mwezi umene misonkho yachepa, zoyamba kulipidwa ndi malipiro a ogwira ntchito m'Boma ndi chiwongoladzanja cha ngongole za Boma lomwe, ndipo ndalama zoyendetsera maofesi, zomwe ndizo zimalipira nyemba ndi nkhuni, zimafika zodulidwa kapena mochedwa. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu sangauze ana kuti asadye mpaka Capital Hill itayankha, choncho amaitanitsa chakudya pa ngongole. Ngongole ya mwezi uno imakwera pa ya mwezi watha, ndipo chaka cha chuma chikatha pa 31 Malichi, monga zakhalira kuyambira m'chaka cha 2022, zotsalazo zimaloŵa m'gulu la ngongole zakale, zimene zilibe mzere wakewake m'ndondomeko yatsopano.

Pali gwero lachiŵiri, ndipo limeneli ndi la manyazi. Malamulo a kayendetsedwe ka chuma cha Boma, la 2003 ndi la 2022 limene lidaloŵa m'malo mwake, amafuna kuti mkulu wa ofesi asalonjeze ndalama zimene Nyumba ya Malamulo sidavomereze. Komabe alipo akuluakulu amene amaitanitsa katundu akudziŵa bwino lomwe kuti thumba lilibe kanthu, kenaka nasamutsidwa kupita ku boma lina. Woloŵa m'malo amati ngongoleyo si yake, ngati kuti ofesi imasamuka pamodzi ndi munthu. Maganizo otereŵa ngolakwika. Amene adagula ndi ofesi, ndipo ngongole imatsala pa mpando ngakhale wokhalapo asinthe kakhumi.

Gwero lachitatu dziko lonse likulikumbukira. Pa 13 Sepitembala 2013 mkulu woona za ndondomeko ya chuma, a Paul Mphwiyo, adaomberedwa ndi mfuti pa chipata cha nyumba yao ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira mudavumbuluka kuba kumene kudatchedwa Cashgate. Akatswiri oŵerengera chuma a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala chaka chimenecho, padasoŵa ndalama pafupifupi K24 biliyoni. Njira ya kubako ndiyo ikukhudza amalonda: macheke ankalembedwa m'maina a makampani amene sadapereke ngakhale msomali umodzi ku Boma. Pamene mayi wa nyemba ankauzidwa kuti abwerenso maŵa, ena ankalipidwa tsiku lomwelo pa katundu wa m'maloto. Maiko othandiza, amene nthaŵi imeneyo ankapereka pafupifupi magawo 40 pa 100 a ndondomeko ya chuma, adaimitsa thandizo lao loloŵa mwachindunji m'thumba la Boma, ndipo amalonda oona mtima adalangidwa kaŵiri. Poyamba ndalama zoŵalipira zidachepa. Kenaka pepala lililonse lofuna malipiro lidayamba kukayikiridwa, ndipo lidayenera kudikira kuti ofesi ya Mkulu Woŵerengera Chuma cha Boma ilitsimikize.

Pofika m'chaka cha 2015, pamene Nduna ya Zachuma adali malemu Goodall Gondwe, ngongole za Boma kwa amalonda zidaposa K150 biliyoni. Popeza ndalama zolipirira kamodzi padalibe, Boma lidapereka zikalata zolonjeza kulipira m'zaka za m'tsogolo, zopanda chiwongoladzanja. Kampani yaikulu idatha kusunga chikalata chotere m'kabati ndi kudikira. Koma amene adali ndi njala ya ndalama adapita nacho ku banki, ndipo banki idachigula pa mtengo wotsika kuposa umene udalembedwapo, popeza nayonso idayenera kudikira. Motero ngongole idalipidwa ndithu, koma gawo la thukuta la wamalonda lidatsala m'manja mwa banki.

Wina angaganize kuti wopwetekeka ndi wamalonda yekha. Si choncho. Wamalonda amene adapsapo kamodzi amaphunzira, ndipo ulendo wachiŵiri amaika mtengo wokwera, poŵerengera miyezi imene adzadikire. Boma limayamba kugula thumba la chimanga pa mtengo woposa wa pa msika, ndipo wolipira ndi wokhoma msonkho yemweyo. Ena amangoleka kupereka. M'chaka cha 2022 dziko lidamva kuti akaidi m'ndende zikuluzikulu monga Zomba ndi Chichiri akukhala masiku osadya chifukwa opereka chakudya adaima, pakati pao ndi Boma pali kusamvana pa mitengo ndi malipiro. Izi zidachitika ngakhale kuti m'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo lalikulu lidagamula kale kuti kusoŵa ndalama si chifukwa chokwanira chomanira mkaidi chakudya chimene lamulo lidamuikira. Nazonso zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM, zimene zimapangana ndi Boma kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa mwaulere Boma n'kudzabweza, zakhala zikudandaula zaka zingapo za kuchedwa kwa ndalama zimenezo. Anthu okhala pafupi ndi chipatala cha mishoni, monga a kuno, akudziŵa kuti kuchedwa kotere kumathera pa bedi la wodwala.

Tsono wamalonda achite chiyani? Chitetezo chake chachikulu chimayamba katundu asanakwere galimoto. Boma silimva mau a pakamwa, limamva pepala. Bwana akaimba lamya nati, bweretsani matumba makumi asanu, mapepala tikonza pambuyo, wamalonda wanzeru amayankha mwaulemu kuti katundu ngwokonzeka, ndipo anyamuka pepala la LPO likafika. Pepala limeneli ndilo umboni wakuti ofesi idaitanitsa katundu motsata malamulo, komiti yoona za kagulidwe itavomereza. Liyenera kukhala ndi nambala, tsiku, mtengo, chidindo ndi siginecha ya woyenera kusaina. Ngati pali mgwirizano wolembedwa, auŵerenge wonse, makamaka ndime yonena masiku a malipiro ndi yonena ngati padzakhala chiwongoladzanja malipirowo akachedwa. Amene Chingerezi chimamvuta asachite manyazi kufunsa mphunzitsi kapena mwana wake wa ku sekondale, pakuti safunsa adadya phula.

Katundu akafika, wosunga katundu wa pa ofesipo aŵerenge, asaine pa pepala loperekera katundu, alembe dzina lake ndi tsiku, adinde chidindo. Invoisi ikaperekedwa, wolandirayo asainenso pa kope lotsala. Mapepala onseŵa ajambulidwe, ngakhale ndi lamya ya m'manja, ndipo eni akewo asungidwe m'nyumba pamalo posafika chiswe ndi mvula. Pali amalonda amene adapereka mapepala ao enieni ku ofesi atauzidwa kuti akufunika pokonza cheke, ndipo atabwerako patatha mwezi adamva kuti failo yasoŵa. Munthu wotere amatsala ndi mau okha, ndipo mau okha sapambana mlandu.

Tsiku la malipiro likadutsa, mapazi achepe, cholembera chichuluke. Ambiri amathera ndalama pa minibasi, kupita ku boma sabata ndi sabata, kukakhala pa benchi kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, osasiya chizindikiro chilichonse chakuti adafikako. Kalata imodzi yolembedwa bwino imaposa maulendo khumi otere. Ilembedwe kwa mkulu amene lamulo lidampatsa udindo wa chuma cha ofesiyo: Bwanamkubwa ngati ndi khonsolo, Mlembi Wamkulu ngati ndi unduna. Itchule nambala ya LPO, tsiku loperekera katundu, ndalama zake, ndipo ipemphe zinthu ziŵiri: tsiku limene malipiro adzaperekedwe, ndi chifukwa cha kuchedwako. Pempho limeneli si chipongwe. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene zochita za ofesi ya Boma zakhudza ufulu wake kapena zimene amayembekeza moyenera. Palinso lamulo lopatsa anthu mwai wopeza nkhani za m'maofesi a Boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo kudzera m'lamulo limeneli wamalonda angathe kufunsa molemba pamene failo yake yaima.

Yankho lolembedwa lili ndi phindu lina lobisika. Ofesi ikalemba kuti inde, ngongoleyi tikuidziŵa, tidzalipira ndalama zikapezeka, ndiye kuti yavomera. Kalata yotere ndi chuma, ndipo chifukwa chake chimveka posachedwa.

Apa payenera kuloŵa chenjezo. Pa njira ya failo pamapezeka anthu amene amanong'ona kuti cheke chingatuluke msanga ngati pali kangachepe. Wamalonda wotopa amayesedwa, poganiza kuti kutaya gawo limodzi pa khumi kuli bwino kusiyana ndi kudikira chaka. Adziŵe kuti lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limalanga wolandira ndi wopereka yemwe, ndiponso kuti amene wadyetsa kalaliki lero wakweza mtengo wa failo ya mnzake maŵa, chifukwa kalaliki uja waphunzira kuti kuchedwetsa kumabala. Malo a nkhani yotere ndi ku bungwe la ACB.

Kalata ikapanda kuyankhidwa, pali ofesi ya Ombudsman, imene idakhazikitsidwa ndi Malamulo Aakulu a 1994 ndi kulimbikitsidwa ndi lamulo lake la 1996. Kudandaula kumeneko nkwaulere ndipo sikufuna loya. Kuti ofesiyi ili ndi mano zidaoneka m'chaka cha 2016, pamene mayi Martha Chizuma, amene adali pa mpandowo, adatulutsa lipoti la mathalakitala amene Boma lidagula ndi ngongole ya ku India kuti athandize alimi, koma ambiri adagulitsidwa kwa anthu olemera. Komabe wamalonda apite akudziŵa malire ake. Ombudsman amaona nkhani zimene zilibe njira ina yoyenera ku bwalo la milandu, choncho angathe kuuza wodandaula kuti nkhani ya ngongole ya mgwirizano ndi ya ku khoti. Chimene chili chake kwenikweni ndi kayendetsedwe koipa ka ofesi: kusayankha makalata, kutaya mafailo, kulipira obwera pambuyo ndi kusiya obwera poyamba. Dandaulo lilembedwe moloza zimenezo.

Zonsezi zikakanika, bwalo la milandu lilipo, ndipo Boma si lalikulu kuposa lamulo. Gawo 41 la Malamulo Aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wopita ku khoti ndi kulandira thandizo lenileni. Koma kusumira Boma kuli ndi mwambo wake, ndipo ambiri amagwa pa khomo asanaloŵe n'komwe. Lamulo loona za milandu yosumira Boma limafuna kuti wosuma ayambe walembera Loya Wamkulu wa Boma, kumdziŵitsa dzina lake, kumene amakhala, chimene chidachitika ndi chimene akufuna, kenaka adikire miyezi itatu asanakatule mlandu. Amene walumpha mwambo umenewu mlandu wake ungathe kutayidwa ngakhale ngongoleyo ikhale yoona. Miyezi itatuyo si yotayika, chifukwa ofesi ya Loya Wamkulu imafunsa unduna wokhudzidwa, ndipo pamene mapepala ali oyera nkhani ingathe kutha popanda kukangana pamaso pa woŵeruza. Kuyeneranso kudziŵika bwino amene akusumiridwa. Ngongole ya unduna imasumiridwa m'dzina la Loya Wamkulu wa Boma, koma khonsolo, potsata lamulo la maboma ang'ono la 1998, ili ndi dzina lakelake pamaso pa lamulo ndipo imasumiridwa payokha. Chimodzimodzinso makampani a Boma. Kulakwitsa dzina kumataya nthaŵi ndi ndalama.

Makolo adati mlandu suola. M'bwalo la mfumu mau ameneŵa ngoona mpaka lero, koma ku khoti ngongole imaola. Lamulo loika malire a nthaŵi limapereka zaka 6 zokha kuti munthu asumire pa nkhani ya mgwirizano, kuŵerenga kuchokera tsiku limene ndalamazo zidayenera kulipidwa. Zakazo zikadutsa, loya wa mbali inayo amangoimirira ndi kutchula kalendala, ndipo mlandu watha. Zaka 6 zimaoneka zambiri, koma zimatha msanga kwa munthu amene akukhalira kuuzidwa kuti apirire pang'ono. Apa ndi pamene kalata yovomera ngongole ija imaonetsa mtengo wake, chifukwa wangongole akavomera molemba ndi kusaina, kapena akalipirako gawo lina, zaka zija zimayamba kuŵerengedwa mwatsopano. Nchifukwa chake wamalonda asanyoze cheke chaching'ono cholipirako pang'ono. Achilandire, asunge umboni wake, ndipo alembe kuti chotsala ndi chakuti.

Ngongole zocheperapo zimapita ku bwalo la majisitireti, ndipo lilipo ku boma kwa Mchinji konkuno. Zikuluzikulu zimapita ku bwalo lalikulu, limene kuyambira m'chaka cha 2007 lili ndi nthambi yoona za malonda, ndipo nthambiyo imakhalanso ku Lilongwe. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera pa mkhalapakati, kumene mbali ziŵiri zimayesa kumvana mlandu usanazengedwe. Wosuma akumbutse loya wake kupempha chiwongoladzanja m'zikalata zoyambirira zomwe, pakuti khoti lili nayo mphamvu yochilamula koma silipereka chimene sichidapemphedwe, ndipo pa ngongole imene yagona zaka zitatu chiwongoladzanja chingathe kuyandikira ngongole yeniyeniyo. Amene sangathe kulipira loya akafunse ku bungwe la Legal Aid Bureau, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lithandize osauka. Kumeneko amayamba aona chuma cha wopemphayo ndi kulemera kwa mlandu wake.

Chilungamo chifuna kuti izinso zinenedwe: kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziŵiri. Munthu wamba akagonja ku khoti, asherifu amabwera kudzanyamula mipando ndi galimoto. Katundu wa Boma satengedwa mophweka chotero, ndipo lamulo lidachita dala kutchinga, poopa kuti tsiku lina ambulansi ingadzagulitsidwe pa okushoni chifukwa cha ngongole ya mapepala. Chigamulo chimapita ku Nthambi ya Chuma kukaima pa mzere wina. Komabe wamalonda amene ali ndi chigamulo m'manja ali pabwino kuposa amene ali ndi invoisi yokha. Ngongole yake siingakanidwenso, siingatchedwe ya m'maloto, ndipo palibe bwana watsopano amene anganene kuti saidziŵa.

Chimene chimaletsa ambiri si kusadziŵa malamulo koma mantha. Amati ukasumira ofesi, dzina lako lafufutidwa, sudzapatsidwanso ntchito. Lamulo sililola zimenezo. Kuletsa kampani kuchita malonda ndi Boma ndi ntchito ya bungwe la PPDA, ndipo kumachitika pa zifukwa monga chinyengo kapena kulephera ntchito, woimbidwa mlanduyo atamvedwa mbali yake. Kufuna malipiro ako si chimodzi mwa zifukwazo. Koma manthawo si opanda pake, chifukwa pa ntchito zing'onozing'ono ofesi imangosankha anthu angapo oti apereke mitengo, ndipo nkosavuta kuiŵala dala dzina la amene adalemba kalata yoŵaŵa. Mankhwala ake ndi umodzi. Amalonda khumi a ku Guilleme, Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda akalemba kalata imodzi kudzera m'gulu lao kapena kopaletivi yao, ndi ndandanda wa ma LPO onse, napereka kope kwa khansala ndi phungu wa dera, nkhaniyo imafika pa msonkhano wa khonsolo, ndipo palibe mmodzi amene angalozedwe chala. Ngakhale loya amatsika mtengo akagaŵanidwa ndi anthu khumi. Mutu umodzi susenza denga.

Vutoli si la Malaŵi yekha, ndipo maiko ena adayesapo njira zao. Ku South Africa malamulo a Nthambi ya Chuma amalamula maofesi a Boma kulipira pasanathe masiku 30 chilandirire invoisi, ngakhale kuti malipoti a dzikolo amaonetsa chaka ndi chaka kuti maofesi ambiri amaphwanya lamulolo. Ku Kenya, m'chaka cha 2023, Boma lidakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi a Edward Ouko kuti isefe ngongole zoona ndi zabodza. Ku Britain lamulo la 1998 limapatsa wamalonda ufulu wa chiwongoladzanja cha 8 pa 100 pamwamba pa cha banki yaikulu ya dzikolo, popanda kuchita kupempha chifundo. Koma lamulo loluma kwambiri ndi la ku India la 2006, loteteza mabizinesi ang'onoang'ono: wogula aliyense, ngakhale likhale Boma, ayenera kulipira pasanathe masiku 45, ndipo akachedwa amalipira chiwongoladzanja choŵirikiza katatu cha banki yaikulu, chobalana mwezi ndi mwezi. Padakhazikitsidwanso makhonsolo apadera omva madandaulo otere, kuti wamalonda wamng'ono asathere mpamba wake wonse kwa maloya.

Phunziro la ku South Africa ndi lakuti kulemba masiku m'buku la malamulo sikukwanira. Kuchedwa kumatha pokhapokha kukayamba kupweteka wochedwetsayo. Nyumba ya Malamulo ingachite bwino kulingalira zinthu zitatu zimene sizifuna ngongole ya kunja: kuti chiwongoladzanja cha malipiro ochedwa chiziyamba kuŵerengedwa chokha tsiku likadutsa, kuti mkulu amene waitanitsa katundu popanda ndalama aziyankha yekha pamaso pa komiti yoona za chuma cha Boma, ndi kuti khonsolo iliyonse izipachika pa bolodi lake ndandanda wa amene ili nao ngongole, motsata tsiku limene adapereka katundu. Chachitatuchi chingathe kuyambika ngakhale lamulo lisanasinthe. Chimafuna pepala, zomatira ndi chilolezo cha Bwanamkubwa basi, ndipo makhansala a Mchinji angathe kuchipempha pa msonkhano wao wotsatira. Ndandanda ukakhala poyera, mayi wa nyemba adzadziŵa kuti ali pa nambala 14, ndipo akadzamva kuti wa nambala 30 walipidwa iye asanalandire, adzakhala ndi funso lolemba m'kalata yake yopita kwa Ombudsman.